Nkhope ya Mngelo pa Zenera

Ine, Rosalind Thackwray, wa zaka 74, wokhala pa esiteti ya Aldercombe, mphunzitsi wopuma pantchito, ndikunena izi:

Dzulo m'mawa tinali pa mwambo wa maliro a amuna anga, a Hector, m'katchalitchi ka pa esiteti pathu. Kuguwa kuli zenera la magalasi amitundumitundu, la m'nthawi ya Mfumukazi Vikitoria. Pazeneralo pali mngelo, ndipo nkhope yake anaijambula potengera gogo wina wa kubanja kwa amuna anga.

Nyimbo yoyamba ili mkati, munalowa mayi wa zaka ngati makumi anayi n'kukaima pansi pa zeneralo. Mwana wanga Crispin anamufunsa kuti ndi ndani.

Mayiyo anati, "Ndine Noreen Baddeley. Ndabwera kudzaika bambo anga."

Crispin anati, "Bambo ako ati? Wasochera, tuluka!"

Alamu anga a Philippa, omwe ndi okalamba ndipo amalankhula mokweza, anati, "Iwe Crispin, tayang'ana mngelo m'mwambamo, uyang'anenso mayiyu. Mphuno imeneyo sukuiona? Nanga chibwano? Ndi mlongo wako uyu."

Woimba limba anasiya. Anthu onse anayang'ana zenera, kenako mayiyo. Inenso ndinayang'ana.

Crispin anatenga choikapo kandulo chamkuwa n'kugenda zenera. Nkhope ya mngelo inasweka, ndipo galasi linamucheka mayiyo pamkono.

Apolisi anafika chakumasana. Crispin anawauza kuti amene waswa zenera ndi mayiyo. A Philippa atatsutsa, iye anati, "Musawamvere azakhaliwa, mutu unasokonekera kalekale." Mutu wawo uli bwinobwino. Anthu ena onse, ambiri mwa iwo antchito a pa esiteti, anangoti zii.

Wapolisi anandifunsa, "Mayi, inu mwaona chiyani?" Ndinayankha kuti ndinali nditatsinzina, ndikupemphera. Sindinkapemphera. Ndinali pa benchi yakutsogolo, maso ali otsegula.

Apolisi akumutulutsa, mayiyo anaima pamaso panga, mpango uli pabala, n'kunena kuti, "Pepani maliro, mayi." Ndinayang'ana pansi. Tinapitiriza mwambo ndipo tinaika maliro iye palibe.

Lero ndamva kuti mayiyo wagona m'chitokosi, pa polisi pano. Ndabwera pa basi, osauza aliyense kunyumba. Noreen Baddeley sanakhudze chinthu chilichonse m'tchalitchi muja. Amene anaswa zenera ndi mwana wanga.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Wasaina: Rosalind Thackwray ____________