Uthenga wa maliro wopita ku Joni

Pa 14 Juni 2011, pa siteji ya Manjawira, mayi wina foni ili m'manja anapempha mkulu wosamudziwa kuti amuthandize Chingerezi.

"Bambo athu atisiya m'mawa uno, achimwene ali ku Joni. Ndilembe chiyani kwa bwana wawo?"

"Pepani, mayi. Bwanayo mumuchite 'inform', mutchule tsiku loika maliro, awapatse tchuthi. Koma za malirozo asawauze."

"Nanga achimwenewo?"

"Amenewo muziwachita 'update', pang'onopang'ono. Lero muwauze kuti matenda akula. Akafika pa Mwanza, muwauze kuti mwayi wachepa. Zenizenizo adzamvere pakhomo."

"Koma ndiye mumachitha Chizungu! Munali aphunzitsi?"

"Ayi, ndinali wa kumgodi. Mu 1983 kapitawo anandichita 'inform' za amayi anga ndili pansi, fosholo ili m'manja. Mpaka lero sindidziwa amene ananditulutsamo."