Nsungwi Imene Inaimitsa Apongozi Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Sindine munthu wa mawu ambiri, koma zimene zinachitika pakhomo pathu kuno ku Pembamoyo sindingazikhalire chete. Ndi za matenda a apongozi anga, aNabanda, mayi ake a mkazi wanga Esinati.

Ine ndine mkamwini pamudzi pano. Chikwatirireni, ine ndi apongozi tinkapatsana ulemu wa kwathu. Tikakumana panjira wina ankapatuka, sitinkadyera pamodzi, ndipo mawu awo ankandipeza kudzera mwa mwana wawo. Anali mayi olimba, ndipo munda wawo wa mtedza ankalima okha.

Tsiku lina m'mawa anagwa akusesa pabwalo. Tinathamangira nawo ku kiliniki pa ngolo, kenako kuchipatala cha ku boma. Anati ndi sitiroko, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Mwendo ndi dzanja lamanzere zinafooka. Potitulutsa, anesi anatipatsa mapiritsi, natiuza kuti tichepetse mchere, koma anatsindika chinthu chimodzi: ayenera kuimitsidwa ndi kuyendetsedwa tsiku lililonse. Akangogona pamphasa, mwendo uuma ndipo sadzadzukanso.

Vuto linagona pamenepo. Esinati anali atangochitidwa opaleshoni ya m'mimba, ndipo anamuletsa kunyamula zolemera. Alamu anga ali kutali, ku Lusaka. Wamphamvu pakhomo ndinali ine ndekha, ndipo ine ndi amene sindinkaloledwa kuwakhudza. Esinati atawapempha kuti alole ndiziwaimitsa, anayankha ine ndikumva kuseri kwa chitseko: "Kuli bwino ndifere pamphasa pano, kusiyana n'kunyamulidwa ndi mkamwini ngati thumba la chimanga."

Masabata anapita. Anayamba kukana chakudya, zilonda zinayamba kumsana, ndipo anauza Esinati kuti mbewu yawo ya mtedza aipereke kwa ena. Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti ataya mtima. Ndinapemphera kuti, "Ambuye, mphamvu mwandipatsa, koma manja anga ndi omangika. Ndionetseni njira yosawachititsa manyazi mayiwa."

Yankho linabwera ndi munthu wosaona. ATembo, mkulu wa kumpingo kwathu amene maso anasiya kuona kalekale, anabwera kudzazonda odwala. Akazi awo anali patsogolo, atagwira ndodo mbali ina, iwo mbali inayo. Nditawafotokozera, anaseka.

"Inu akamwini, sukulu yonse ija munapitiranji? Ine ndimafika mpaka ku Zingalume, koma mayi awa sandigwira dzanja. Imatigwira ndi ndodo."

Madzulo omwewo ndinakadula nsungwi yaitali, yokhwima bwino. M'mawa ndinaima pakhomo nditawafulatira apongozi, nsungwi ili paphewa, mbali ina italoza pamphasa pawo kuti agwire. Esinati anagwira kumapeto kwake kuti isagwedezeke. Kulemera konse kunali kwa ine. Tinadikira nthawi yaitali. Kenako ndinamva nsungwi ikulemera, ikunjenjemera, ndipo ndinadziwa kuti aimirira. Sindinacheuke.

Sizinali zophweka. Poyamba tinkangofika pankhokwe n'kubwerera. Tsiku lina anagwa, ndipo ine ndinangoima chofulatira, misozi ikutsika, mpaka anadzikoka okha pansungwi. Phewa langa linatupa. Anthu ena ankaseka kuti pakhomo pathu tagula ng'ombe yatsopano. Koma sitinadumphitse m'mawa ngakhale kukuzizira. Amayi a kumpingo anayamba kumabwera kudzasenda nawo mtedza, kuti dzanja lofooka lija lizigwira ntchito ndiponso asamakhale okha. Chakudya chinayambanso kulowa.

Ndinadziwa kuti mtima wabwerera tsiku limene apongozi anakalipa kumbuyo kwanga: "Esinati, uwauze amuna akowa achepetse liwiro. Akuyesa ali panjinga?"

Mvula yoyamba itagwa, tinafika kumunda kwawo. Anasiya nsungwi, nagwada, n'kubzala mzere woyamba wa mtedza ndi dzanja lawo. Atatha, analankhula osadzera mwa Esinati, koyamba chikwatirireni changa: "Akamwini, tulani nsungwiyo. Mwasenza mokwanira."

Lero amayenda ndi ndodo imene ndinawadulira ku nsungwi yomweyo. Mwendo umakokabe pang'ono. Mapiritsi amamwa, ku kiliniki amapita kukapimitsa, ndipo kutchalitchi amafika ndi miyendo yawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma wosaona kuti andionetse njira. Inu amene muli ndi okalamba odwala pakhomo, musafulumire kunena kuti ndi ukalamba basi. Aimitseni, apatseni chogwira, ndipo musawalande ulemu wawo. Mukatopa, dzukaninso mawa. Mpaka lero dzanja la apongozi anga sindinaligwirepo, ndipo tikakumana panjira timapatukiranabe. Koma tsopano amapatuka okha, ndi miyendo yawo. Ambuye alemekezeke.