Magaziwa Mupita Nawo Kuti?

Akuwailesi, ndine namwino pachipatala china chaching'ono kuno ku Chiradzulu. Nthawi ya mphekesera za anamapopa ija, kusikelo kunabwera mayi woyembekezera, m'manja muli mbuu, chizindikiro cha kuchepa kwa magazi. Nditatulutsa jakisoni kuti ndimuyeze magazi, anabisa mkono m'chitenje.

"Anesi, magaziwa mupita nawo kuti?" anafunsa.

Ine ndinaseka. "Mayi, mzere ndi wautali. Pitani panja mukaganize kaye."

Anatuluka, osabweranso. Patatha milungu itatu ndinamva kuti anamwalirira panjira, akumuthamangitsira kuno pa kabaza.

Buku lake lachipatala analisiya patebulo panga, ndikadali nalo. Anamwino anzanga, wodwala akafunsa mwamantha muziyankha. Funso lija linkangofuna mphindi ziwiri, koma mpaka lero ndimaliyankha ndekhandekha, mwini wake kulibe.