Mbuzi imene ndinazungulira nayo kuseri kwa holo

Okondedwa anzanga mwa Ambuye, landirani moni wanga kuchokera kuno ku Nancholi. Ndikufuna ndikuuzeni za miyezi isanu imene dzina langa linanunkha mumzinda muno, mpaka ntchito ya manja anga inatsala pang'ono kufa.

Ine ndimaotcha nkhumba yathunthu m'maphwando a makampani ndi m'maukwati. Timaibaya pachitsulo chachitali n'kumaitembenuza pamakala kuyambira m'mamawa mpaka khungu lifiire. Koma mu Blantyre muno mulibe ofesi yopanda Msilamu kapena wa Sabata, ndiye kapado, nyama ya nkhumbayo, yekha sakwanitsa phwando. Ndimaotchanso mbuzi yozingidwa ndi Msilamu ku bucha ya ku Limbe, pachitsulo chake, makala ake, tebulo lake poteropo. Mipeni ya nkhumba ndinaipaka penti yofiira pachigwiriro, ya mbuzi yobiriwira, ndipo siikumana ngakhale m'beseni lotsukira.

Amene ankandinyamulira matebulo ndi makala anali Che Jafali, bambo wachikulire wa ku Mbayani, mwini kalole, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala. Nkhumba ankakana kuikweza, ndinkachita kuipezera galimoto ina. Zimenezo sizinkandivuta. Chinkandivuta ndi maso awo. Akatsitsa katundu ankaima chapatali, manja kumbuyo, n'kumandiyang'ana m'manja osanena kanthu. Tsono ine ndinabadwa wokayikira. Amuna anga amati ndimakayikira ndi sikelo ya kuchipatala yomwe. Mumtima ndinkati bambo awa akudikira tsiku loti ndiphonye.

Tsikulo linafika pa phwando lotsekera chaka la kampani ina m'tauni. Ndili kalikiliki ndi nkhumba, woperekera zakudya wa paholoyo anatola mpeni wofiira n'kuyamba kudula mbuzi. Iye sanadziwe kuti ndi wa nkhumba, koma anthu a pamzere anaona. Ndinathamanga n'kumulanda mpeniwo, ndinanyamula mbuzi yonse ndi thireyi yake n'kuzungulira nayo kuseri kwa holo. Kumeneko ndinaipereka kwa alonda, nditawauza chimene chachitika. Mwamwayi ndinali ndi theka lina la mbuzi losaotcha m'chidebe cha ayezi. Ndinaliduladula kuti lipse msanga, ndipo patapita kanthawi ndinatuluka nalo pathireyi yatsopano. Kuseriko, kupatula alonda aja, kunali Che Jafali okha, atatsamira galimoto yawo.

Sabata isanathe nkhani inali itazungulira m'maofesi: mayi uja amangobisala nayo mbuziyo kuseri n'kubwera nayo yomweyo. Akampani ina anaimba foni kuti asintha maganizo. Aukwati wa ku Nkolokosa anati azakhali a mkwati ndi Asilamu, sakufuna zokhumudwitsana. Kenako foni inangoti zii.

Abale, ndinayamba kukayikira aliyense. Ndinakayikira mayi wina wophika m'maphwando amene anandimwetulira mopitirira mumsika. Ndinakayikira alamu anga chifukwa chondifunsa kawiri kuti bizinesi ikuyenda bwanji. Kutchalitchi munthu akanong'oneza mnzake ndinkati basi, akunena za mbuzi. Koma mtima wanga unakhazikika pa Che Jafali. Ndani winanso amene anthu akanamukhulupirira pankhani yotere? Ndinasiya kuwaimbira. Tsiku lina anandiimikira galimoto ku Limbe kuti andipatse moni, ine n'kuyang'ana kumbali ngati ndikuwerenga chikwangwani.

Pemphero langa nalo linali lokhota. Ndinkati Ambuye, ndionetseni mdani wanga, pomwe dzina lake ndinali nditamusankhira kale Mulungu. Zitsulo zanga zinayamba dzimbiri kuseri kwa nyumba, ndipo ndinafika pofunsa owotcherera ngati angazigule. Ndinalira kwambiri, chifukwa palibe chowawa ngati kuchita chilungamo n'kutchedwa wachinyengo. Nditatopa ndi kuloza anthu zala ndinangogwada n'kunena kuti Ambuye, za mdani zisiyeni, ingoyeretsani dzina langa.

Mwezi wachisanu anandiimbira mayi woyang'anira antchito pa kampani ina ya ku Limbe. Anati akukonza phwando lotsanzikana ndi bwana wawo amene akupuma pantchito, ndipo bwanayo akufuna nkhumba yanga, koma Asilamu a m'komiti akana. Anati ndipite ndikadziyankhire ndekha. Ndinaganiza kuti ndi msampha wofuna kundichititsa manyazi, komabe ndinapita.

Nditalowa m'chipinda cha msonkhano, maso anga anagwa pa Che Jafali atakhala pakona, kofia ili kumutu. Ndinati lero abwera kudzandimaliza pamaso panga. Bambo mmodzi wa m'komiti anafotokoza kuti amapemphera nawo mzikiti umodzi, ndipo atawafunsa za ine, iwo anati sangayankhire kumbali, akufuna akanene mwiniwake ali pomwepo.

Che Jafali anaimirira pang'onopang'ono.

"Mayi awa nkhumba yawo sindinyamula, ndipo sindidzanyamula," anatero. "Koma zaka ziwiri ndakhala ndikuwayang'ana m'manja, chifukwa ndinkafuna ndidziwe ngati mbuzi yawo ndingadye. Tsiku lija ndinali kuseri. Mbuzi yokhudzidwa ndi mpeni ija anapatsa alonda, ndi thireyi yomwe. Imene inabwera kutebulo inali ina. Walahi, ine ndinadyako."

Bambo wa m'komiti uja anagwedeza mutu n'kunena kuti ngati Che Jafali anadya, iye alibenso funso. Ntchito ija anandipatsa, ndipo kuchokera paphwando limenelo foni inayambanso kulira.

Titatuluka panja ndinawatsatira Che Jafali kugalimoto yawo.

"Che Jafali, mundikhululukire. Ine ndinkayesa ndinu munafalitsa nkhani ija."

"Ndinadziwa, mayi," anatero akutsegula chitseko. "Mukanangondifunsa."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera dzina ndi ntchito, komanso amene anandichititsa manyazi oyenera. Mboni yanga inalipo kuyambira tsiku loyamba, koma ndinavutika miyezi isanu chifukwa ndinaisandutsa mdani. Amene anayambitsa mphekesera ija sindikumudziwa mpaka lero, ndipo ndinasiya kumufunafuna.

Inu amene dzina lanu likuipitsidwa pa chinthu chimene simunachite, musafooke, pitirizani kugwira ntchito yanu mwachilungamo ngakhale kuseri kumene mukuyesa kuti kulibe maso. Ndipo ngati pali munthu amene mwamuweruza kale mumtima ngati mmene ndinachitira ine, musadikire miyezi isanu. Pitani mukamufunse.