Timatabwa ta Rhoda Daka

Lachiwili, 18 Novembala 1986

Muli kumvela wailesi yanu kuno ku Lusaka, ndipo yakwana nthawi ya zilengezo m'Chinyanja. Wokuwelengelani ndine Eustace Sakala. Amene mabatile anu afooka sendelani pafupi, makamaka inu akum'mawa.

A Gideon Njobvu a m'mudzi mwa Chimtanda, dela la Kalindawalo ku Petauke, aja mumawadziwa omanga mafupa othyoka, akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Minga, ku Nyimba, ku Luembe ndi ku migodi kuti Rhoda Daka, mwana wa malemu mlongo wawo, wanyamuka mailo, Lolemba, kupita ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Rhoda ndi uja anagwa pangolo ali wamng'ono n'kumenyetsa chibwano pansi, nsagwada n'kuuma osatsegukanso. Wakula akumwa phala kupyolela pagwelu la dzino limene anachita kumuzula, ndipo amalankhula mano ali chilumile, moti kusitolo, kutchalitchi ngakhale pamlandu omuyankhulila akhala amalume akewo. Madokotala akuti adzasema fupa limene linamatana pafupi ndi khutu, n'kutenga kachidutswa ka nthiti yake kuti kakhale mfundo yatsopano ya nsagwada. A Njobvu akuti iwo sanafune, koma mwini wake anaumilila mpaka kunena kuti akamukaniza ndalama ya basi apita wapansi. Akupempha mapemphelo anu. Chilengezochi chachokela kwa a Gideon Njobvu ndi akazi awo, amai Sophia.

Lachisanu, 12 Disembala

A Mubita Sitali, othandiza adokotala ku Nyimba, amene anapelekeza Rhoda Daka ku Lusaka, akudziwitsa banja la a Njobvu kwa Kalindawalo kuti opaleshoni yayenda bwino. Rhoda tsopano akulowetsa zala ziwili pakati pa mano, ndipo tsiku loyamba anapempha kalilole nakhala akudziyang'ana lilime, akuti sanalionepo chikulile. Afika Lolemba pa 15 Disembala, adzatsikila pamphambano ya Petauke, mukamuchingamile ndi njinga yokhala ndi mtsamilo.

A Sitali akuti mumvetsetse izi. Rhoda akubwela ndi mtolo wa timatabwa topyapyala, tija adokotala amapanila lilime. Tsiku lililonse azitisanjikiza pakati pa mano, n'kumaonjezela kamodzikamodzi mpaka pakamwa padzalowe zala zitatu. Zidzamupweteka ndipo adzalila, koma musamuletse. Akaleka, fupa lidzamatananso, ndipo nthiti ija idzakhala yapita pachabe. Chilengezochi chachokela kwa a Mubita Sitali, ku Nyimba.

Lachinayi, 8 Januwale 1987

Ichi n'chilengezo cha munthu wosowa, ndipo ine pochiwelenga mtima wandithyoka, pakuti dzinali talizolowela kale pano.

A Gideon Njobvu a kwa Kalindawalo akudziwitsa abale, amipingo ndi atcheyamani a nthambi za Chipani ku Petauke ndi ku Nyimba kuti Rhoda Daka wasowa pakhomo kuyambila Lamulungu, anthu ali kutchalitchi. Ndi mtsikana wamtali, woonda, wa chipsela chatsopano kutsogolo kwa khutu lamanja, ndipo amayenda atagwila m'nthiti. Anavala dilesi yobiliwila. Mpango umene anamumanga nawo chibwano anausiya pachitseko ataupinda bwinobwino.

A Njobvu akuti afotokoze, kuopa kuti anthu angati anamuthamangitsa. Mwanayu ankabuula m'mawa uliwonse kuseli kwa nkhokwe, misozi ili chuchuchu, thabwa lili kukamwa, ndipo obwela kudzamuzonda ankachoka akunena kuti pakhomo pano akuzunza mwana wamasiye. A Njobvu akuti iwo amanga mikono ya anthu ndi miyendo ya ng'ombe kuyambila nthawi ya boma la atsamunda la Fedulo, ndipo sanaonepo fupa limene limapola akulitekenya. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Choncho anauza amai Sophia kuti timatabwato asonkhezele moto, iwo n'kumumanga chibwano ndi mpango kuti bala lipume. Akuti anachita izi chifukwa cha chikondi, pakuti mwanayu anamulela okha kuyambila pamene amake anamwalila. Womuona amuuze kuti palibe amene adzamukalipile. Chilengezochi chachokela kwa a Gideon Njobvu.

Lolemba, 19 Januwale

A Njobvu kwa Kalindawalo, ngati wailesi ili kwa aneba thamangani, uthengawu ndi wanu.

Rhoda Daka akudziwitsa amalume ake, amai Sophia ndi onse amene akhala akumufuna m'mitsinje ndi m'minda ya thonje kuti iye sanasowe. Ali ku Nyimba, kunyumba kwa a Sitali, kuseli kwa msika wa nthochi. Anayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, n'kukwela lole ya feteleza. Akupepesa chifukwa chochoka osatsazika, koma akuti akanatsazika bwanji pomwe pakamwa anali atam'manga.

Akuti atamasula mpango uja anapeza kuti pamene pankalowa zala ziwili patsala chimodzi, nachonso chochita kukankha. Anachita mantha aakulu kuposa a tsiku la opaleshoni. Wayambanso kutsegula, koma timatabwa tatha ngakhale kwa a Sitali, ndiye akugwilitsa mipini ya masipuni imene ikumubenthula mano. Kulila akulila ndithu, ndipo ogulitsa nthochi amumva, koma akuti walila mvula walila matope.

Kwa amalume ake akunena mawu awa, ndiwelenga monga analembela: "Amalume, inu mumamanga fupa kuti ligwilane, ndipo palibe wokuposani. Langali likagwilana ndiye kuti ndatha. Pakhomo sindibwela mpaka zala zitatu zitalowa, ngakhale chimanga chikhwime ine kulibe." Chilengezochi chachokela kwa Rhoda Daka, ku Nyimba.

Lachitatu, 28 Januwale

A Gideon Njobvu akudziwitsa onse othyoka ndi obinya a kwa Kalindawalo, Minga ndi midzi yozungulila kuti Loweluka pa 31 Januwale asadzavutike kubwela pakhomo pawo. Iwo adzakhala ali ku Nyimba. Mnyamata wothyoka mkono wa ku Mumbi asamasule nsungwi zimene anamumanga nazo mpaka iwo atabwela, ndipo a ng'ombe yothyoka mwendo adikile Lachiwili.

Kwa a Sitali akuti asawakonzele nkhuku, sakubwela kudzacheza. Akufuna aone ndi maso awo fupa limene amati limapola ndi kulitsegula. Akafika adzakhala chete n'kuonelela, ndipo zikakhala zabodza mwanayo adzabwelela naye panjinga. Aonjezela kuti adzatenga mpeni wawo ndi nsungwi zouma, koma sananene kuti n'zachiyani, ndipo ine Sakala sindifunsa za akulu. Chilengezochi chachokela kwa a Gideon Njobvu.

Lachisanu, 20 Malichi

Omvela, chilengezo chomaliza cha lelo sichinabwele papepala. Masana ano pakhomo la nyumba ya wailesi panafika anthu awili ochokela kuchipatala, kumene anapita kukaonetsa bala: mtsikana wamtali wa chipsela pakhutu ndi bambo wachikulile, a Gideon Njobvu, atanyamula kathumba. M'kathumbamo muli timatabwa ta nsungwi, tosemedwa mopyapyala, tosalala ngati sopo. Ndi nsungwi zomwe zija a Njobvu amamangila mafupa. Andiuza kuti ku Nyimba anaonelela m'mawa umodzi, misozi ya mwanayo ikutsika yawonso ikutsika, kenaka anakakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kusema. Chiyambile tsiku limenelo wolowetsa thabwa lomaliza, lija lopweteka kwambili, ndi iwo, ndipo akuti amalilowetsa atayang'ana kumbali.

Nditafunsa mtsikanayo dzina, a Njobvu anayamba kumuyankhila monga anazolowela. Mtsikanayo anangowagwila dzanja, iwo n'kumusiya kuti adzitchule yekha. Akulu a pano alola kuti chilengezochi anene yekha, choncho ine ndikusuntha. Rhoda, yandikila apa, usaope.

"Zikomo, bambo Sakala. Rhoda Daka wa m'mudzi mwa Chimtanda akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Kalindawalo, ku Minga, ku Nyimba ndi ku Luembe kuti zala zitatu zalowa. Adokotala ati asaleke timatabwa chaka chonse chino, ndipo saleka, ndiye mukamva kubuula kuseli kwa nkhokwe musabwele ndi mpango. Afika pakhomo Lamulungu pa 22 Malichi. Akupempha amai Sophia kuti asaphike phala. Athyole chimanga chachiwisi kumunda wa kudambo, achiwotche, ndipo asachikonole, pakuti mwini wake akufuna kuchiluma pachitsononkho. Akuthokoza a Sitali ndi banja lawo. Akuthokozanso amalume, amene amuyankhulila kuyambila ali mwana, ndipo akuti tsopano apumule. Chilengezochi chachokela kwa ine, Rhoda Daka, ndipo mwachimva pakamwa panga."