Kachikumbu Kopanda Chitamba

— Halo? Halo? Ndi ku labu ya tizilombo kumeneko?

— Ee, ndi kuno. Mumafuna ndani?

— Ndimafuna a Veronica. Muwauze kuti ndi Lyson, mlangizi wa ku Likangala, mwamuna wa mng'ono wawo Alefa.

— Alamu! Mwayamba liti kutchula maudindo onse ngati muli pa msonkhano? Ndine amene.

— Ha, ndinu? Pafoni mukumveka ngati bwana wamkulu. Mwaswera bwanji, alamu?

— Ndaswera bwino, kaya inu?

— Taswera. Kuntchito?

— Kutopa chabe. Alefa ali bwanji? Ana?

— Onse ali bwino. Wamng'ono uja anadwala chifuwa koma wayamba kusewera.

— Nanga amayi?

— Amayi... ali bwino. Ali bwino ndithu.

— Mwayankha ngati mwaponda minga. Akudwala?

— Iyayi, ali gwa. Dzulo anali kudimba. Kungoti chaka chino mukuchidziwa. Nyanja ya Chilwa yathawa, munthu ukuyenda pansi mpaka pamene tinkakwerera bwato. Kusikimu ya mpunga madzi akufika mapuloti akumtunda okha.

— Ndamva. Mukuyimbira kuti? Kukumveka phokoso.

— Pa Songani, m'sitolo mwa a Rajabu. Ndapalasa njinga kuyambira m'mawa, ndiye achinyamata anandiimika pamsika kufuna khadi la chipani, ine ndikupapasa matumba onse. Halo? Mukundimva?

— Mukumveka patali. Kwezani mawu.

— Ndikuti chithunzi chija munatitumizira ife alangizi! Cha kachikumbu katsopano kakumpoto, koononga chimanga m'nkhokwe!

— Ee, ndamva, musaphulitse khutu langa. Chatani chithunzicho?

— Chatisokonezera anthu. Ndinachikhoma pa mtengo wa mango pa tchalitchi. Inu munachijambula chachikulu ngati chikhatho changa. Sabata yonse anthu akundibweretsera zikumbu zokankha ndowe. A Makisoni anabwera ndi china cha nyanga pamphuno, atachitsekera mu mphika, akuti agwira mdani wa boma.

— Abale! Pansi pa chithunzicho tinalemba kuti chakuzidwa. Pali kamzere kosonyeza msinkhu wake weniweni.

— Kamzere kameneko kali m'Chingerezi, ndipo ndi pamene ndinakhoma msomali.

— Alamu inu, sukulu ya ulangizi inangokudyerani nthawi.

— Sekani. Koma lero ndabwera ndi kena. Ndikufuna mundiuze dzina lake.

— Katumizeni pa basi m'botolo, ndikaone pa makina.

— Sindingadikire basi. Mundiuze pompano.

— Pafoni? Ine si sing'anga. Chabwino, muli nako pomwepo?

— Ndinatenga tisanu m'bokosi la machesi. Dikirani nditsegule... Aa!

— Chachitika n'chiyani?

— Katsala kamodzi. Bokosi labooka. Timabowo tiwiri, tozungulira bwino ngati munthu waboola ndi singano yamoto, ndi kafumbi m'thumba la malaya.

— Taboola bokosi? Kuchokera m'mawa uno?

— Kuchokera m'mawa uno.

— Katsalako musakataye. Pemphani mbale yoyera, mukaike pamenepo. Tinayi tinato mukatifunefune m'malayamo mukatiphe, tisatsale pa Songani.

— A Rajabu, tandibwerekani sosa. Zikomo. Eya, ndakaika. Kakuyenda, alamu, kakuthawa!

— Kadonthezereni palafini. Dontho limodzi, musakafinye.

— A Rajabu, kapalafini pang'ono... Ayi, sindikugula botolo, dontho chabe. Eya. Kangoti zii.

— Kakula bwanji?

— Sikakufika pa njere ya mpunga wa faya. Tinene theka lake ndi pang'ono.

— Mtundu?

— Kakuda, koma kopita kofiirira. Ngati khofi wopanda mkaka.

— Muli ndi galasi lokuzira?

— Tinapatsidwa limodzi alangizi anayi, lili kwa a Dunstan. Dikirani... A Rajabu akundipatsa magalasi awo owerengera. Ee, akuthandiza, kakula ngati nyemba.

— Yang'anani kutsogolo. Nankafumbwe wathu wa masiku onse ali ndi kamlomo kakatali, ngati chitamba cha njovu. Kali nako?

— Chitamba... palibe.

— Yang'anani bwino. Mwina kapinda pansi.

— Ndakatembenuza ndi kamtengo ka machesi. Palibe. Nankafumbwe ndimamudziwa, alamu, ndinakula naye. Uyu si iye.

— Pamapiko pali mawanga anayi ofiira?

— Palibe. Pali timizere ta timadontho basi.

— Mukakayang'ana kuchokera pamwamba, mutu ukuoneka?

— Mutu... ayi. Kakuoneka ngati kavala chipewa chofika m'maso. Mutu uli pansi, kakuyang'ana dothi ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

— Siyani nthabwala. Pachipewapo, kutsogolo, ndi posalala?

— Pali tiziphuphu, ngati mano a tupa. Halo? Alamu? Mwapita?

— Ndilipo, ndikutsegula buku. Mverani. Tilipo tiwiri tofanana chonchi. Kena n'kakale, kakang'ono, timakapeza mu mpunga ndi m'mapira, sikatidetsa nkhawa kwambiri. Kenako ndi kachithunzi kaja. Timasiyana kumbuyo.

— Kumatako?

— Ee, kumatako. Kakale kaja kumbuyo n'kozungulira ngati dzira. Katsopano n'kodulidwa, ngati munthu wadula chinangwa ndi mpeni. Yang'anani.

— Magalasiwa achita nthunzi. Dikirani ndipukute.

— Fulumirani.

— Mwina n'kozungulira...

— Mwina?

— Kuwala kuno n'kochepa. A Rajabu, tasunthani pang'ono, mwanditchinga. Mayi inu, dikirani, nditha posachedwa, foni si yanga ndekha ndikudziwa.

— Alamu Lyson, musandiuze zimene mukufuna kuona. Chithunzi chija muli nacho?

— Ndachizula pa mango paja, chili pano.

— Chiikeni pambali pa sosayo. Iwalani kukula. Onani kumbuyo kwa cha pachithunzi, muone kumbuyo kwa kanuko.

— N'kodulidwa.

— Mwati?

— N'kodulidwa ndi mpeni. Mbali zake zili ndi ngodya. N'chimodzimodzi, alamu, ngati mwana ndi bambo wake.

— Mayo ine. Ndi komweko. Kafika bwanji ku Chilwa? Ife timati kakadali kumalire a kumpoto, mwezi wathawu tinali komweko kutchera misampha. Mwakapeza m'chiyani?

— M'nkhokwe.

— Chimanga chikuoneka bwanji?

— Ukagwedeza chitsononkho, ufa ukungoti waa. Pansi pa nkhokwe payera. Ndi nsungwi zomwe zabooka, ndi mitengo yochirikiza nkhokweyo.

— Ndiye kakhazikika. Mverani bwino, mulembe. Lero lomwe lipoti lipite kwa bwana wanu. Chimanga chonse chituluke. Chimene chili bwino chitongoledwe, chiikidwe m'migolo yachitsulo yotseka mpaka mankhwala atsopano afike, chifukwa a ufa amene muli nawowo sakapha. Chofumbwa, zitsononkho, ndi nkhokwe yeniyeniyo, moto.

— Nkhokwe yomwe?

— Kamakhala m'mitengo. Mukasiya nkhokwe mwasiya mudzi wake.

— Chimene chili bwino sichidzaza ndowa zitatu. Mwini wake ndi mayi wamasiye, alamu. Chaka chino ndi nkhokwe yokhayo m'mudzimo imene munali kanthu, chifukwa analima kudimba.

— Ndikumva chisoni, koma musayambe zimenezo. Mukamvera chisoni nkhokwe imodzi, pofika Disembala dera lonse la mfumu Kuntumanji lidzakhala likusesa ufa. Ndinaziona ndi maso anga. Ndipo mufufuze kuti kanabwera ndi chiyani. Sikayenda pansi kuchoka kumpoto. Alipo munthu anakanyamula m'thumba, ndipo dzina lake lilowe mu lipotilo.

— Dzina lake.

— Ee. Anthu osamva ngati amenewo ndi amene akutipha. Mayiyo mwamuuza?

— Sindingathe.

— Simungathe bwanji? Ntchito yanu ndi yotani?

— Sindingaime pakhomo pawo n'kunena kuti nditentha nkhokwe yanu. Ngakhale kusuzumira m'nkhokwemo sindinasuzumire, si malo anga. Anatapa tizikumbuti ndi Alefa, ine nditaima kuseri kwa khola.

— Alefa akulowa bwanji m'nkhokwe ya... Alamu. Nkhokwe ya ndani?

— Ine ndine mkamwini pamudzi paja, mukudziwa. Tikakumana panjira ndimapatuka.

— Ya amayi?

— Ya amayi.

— Mwandizungulitsa nthawi yonseyi, magalasi, palafini, muli ndi nkhani yotere m'kamwa?

— Ndikanayamba ndi dzina lawo mukanandiuza kuti kumbuyo n'kozungulira. Inenso ndinafuna kutero, munandimva.

— Koma kwa amayi kafika bwanji? Sagula chimanga, sapita kutali. Mwina anthu odutsa a ku Mozambiki...

— Si iwo. Alefa anayang'ana bwino. Kumene kwadyeka kwambiri ndi pakati, pamene panali thumba la makaka a chinangwa. Makakawo asanduka ufa, ukawagwira akungofumbutuka. Thumba la mzere wobiriwira.

— Ayi.

— Limene munatsitsa pa galimoto ya kuntchito, pobwera kumpoto ulendo woyamba uja, mwezi wa Juni.

— Ayi, alamu, makaka amene aja ndinawayang'ana. Ndinagula kutali ndi malo a misampha, ndinathyola atatu ndi manja anga, anali oyera. Ndinangoti chaka cha njala chino amayi asavutike...

— Ndikudziwa.

— Mazira. Anali ndi mazira m'kati. Ndimaphunzitsa anthu zimenezi ine. Pa rodibuloko anatsitsa matumba a anthu a pa basi, ife anangotikweza dzanja poona nambala ya...

— Alamu, pafoni pano. Mawaya ali ndi makutu. Halo? Halo?

— Ndilipo.

— Ndimaganiza panjira. Lipoti ndikhoza kulemba kuti gwero silikudziwika. Akudziwa za thumbalo ndi ine ndi Alefa. Inu ntchito ikakutherani, ana anu awiri aja...

— Amayi sanathire mankhwala pa makakawo? Sanaone ufa?

— Anauona kalekale. Anapita kukayang'ana chithunzi pa tchalitchi, nabwerera akuseka, akuti chilombo cha boma n'chachikulu ngati nkhanu, tawo n'tiana ta nankafumbwe. Alefa atanena za mankhwala anamukalipira. Akuti thumba lochokera kwa mwana wanga wophunzira za tizilombo lingakhale ndi kachilombo?

— Mulungu wanga.

— Ndiye pali china.

— Chinanso?

— Mukuwadziwa amayi, sadya okha. Anagawa makakawo kwa amayi a Mvano. Mbale mbale.

— Nyumba zingati?

— Alefa wawerenga zisanu ndi zinayi. Kwa a Eliza, kwa a Lameki, kwa a Makisoni omwe aja a chikumbu cha mu mphika. Mbale ina inawoloka mtsinje wa Likangala, kwa mlongo wawo wa a Rhoda. Ndipo paliponse amanena kuti awa ndi a Veronica wanga.

— Ndiye mukuti akudziwa ndi inu ndi Alefa?

— Anthu sangalumikize. Akufunafuna chachikulu ngati chikhatho.

— Ndiye kadzawadya akuyang'ana kumwamba. Ayi. Mukalemba kuti gwero silikudziwika, a kuno adzayamba kufufuza kumsika ndi kudoko, adzataya mwezi, nyumba zisanu ndi zinayizo zili phee. Ndipo mlandu udzagwera anthu a ku Mozambiki, monga ndinayambira ine pompano. Muli ndi cholembera?

— Alamu, taganizani kaye usiku umodzi.

— Lembani. Thumba la makaka, lochokera kumpoto, mwezi wa Juni. Analibweretsa ndi Veronica, wa ku labu. Nyumba zonsezo muzitchule mayina.

— Dzanja langa likukana.

— Likakamizeni. Bwana wanga ndimuuza ndekha tikangotsitsa foniyi, asamve kwa wina. Kachikumbuko kaikeni m'kabotolo kagalasi, osati machesi. Mawa ndikwera basi yoyamba, mudzandichingamire pa Songani pomwepo ndi njinga.

— Nanga moto?

— Musayatse ndisanafike. Amayi ndiwauza ine, nkhokweyo ndiyatsa ine. Inu mudzaime kuseri kwa khola kwanuko.

— Zikomo, alamu. A Rajabu akuloza wotchi, ndipo mayi uyu wandiyang'ana mokwanira. Koma pali uthenga. Amayi atamva kuti ndikubwera ku foni anatuma Alefa kuti ndikuuzeni. Kaya ndinene, kaya ndisiye.

— Nenani.

— Akuti makaka aja anawathandiza kwambiri, Mulungu akudalitseni. Akuti mukapitanso kumpoto mubweretse matumba awiri, chifukwa pali nyumba zina sanazigawire. Halo? Alamu Veronica? Yaduka kodi?

— Sinaduke. Basi yoyamba, alamu. Mubwere ndi machesi.