Mwamuna Sakhala Kumbuyo kwa Mkazi

Che Bwanausi ankathamangira komboyo, sitima yapamtunda ya ku Cuamba, kukamangitsa nikaha, ukwati wa mdzukulu wawo. Pamphambano adangopezapo mota imodzi, njinga yamoto ya Mastura, mtsogoleri wa amayi amene adaphunzira kuyendetsa mota anthu akuwaseka.

"Mwini mota ali kuti?"

"Ndine, ambuye. Kwerani."

"Astaghfirullah! Ine kumbuyo kwa mkazi? Mwambo umati mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo."

"Mayi anu ankakuberekerani kutsogolo?"

"Usalowetsepo mayi anga!"

"Chabwino." Mastura adasendera m'mbuyo, napukuta mpando ndi nsonga ya hijabu. "Yendetsani."

"Sinditha."

"Ndiye khalani pathankipa."

Mkuluyo adakwinya kanzu, nakhala pathanki ngati thumba la makakala. Mastura adatambasula manja kuti agwire chiwongolero.

"Iwe! Ukundikumbatira!"

"Chiwongolero chili kutsogolo kwanu, ine ndili kumbuyo kwanu. Manja adutse pati?"

"Asadutse!"

"Ndiye motayo ipita kumene Allah afuna. Kawirikawiri imakonda ngalande ija."

Che Bwanausi adatsika. "Ganiza njira ina. Koma mwambo usasweke."

"Ilipo. Inu tsogolani, ine ndizibwera pambuyo."

Adanyamuka chomwecho: mkuluyo patsogolo, wapansi, kofia kumanja, Mastura pambuyo pamota, phuphuphu.

"Fulumirani, ambuye, injini ikutentha."

"Usandilamule!"

Mastura adaliza hutala. Amayi oanika chinangwa adaimirira kuti aone bwino.

"Ukundiimbiranji ngati mbuzi?"

"Kuti anthu apatuke, adziwe kuti kukubwera mwamuna wotsogolera."

Kutali, cha ku Entre Lagos, komboyo idalira. Mkuluyo adayamba kuthamanga, sandasi imodzi nkutsala. Mastura adaitola osaima.

"Tifika?" adafunsa mkuluyo ali wefuwefu.

"Ine ndifika. Inu mufika Lachisanu."

"Nikaha ndi mawa m'mawa!"

"Ngakhale mufike lero, mukakwera pati? Makinishita woyendetsa komboyoyo ndi Dona Rabeca."

Mkuluyo adaima chilili. "Mkazi?"

"Mkazi. Ndipo mabogi onse ali kumbuyo kwake. Koma musade nkhawa, njanji ndi yowongoka. Muzikathamanga patsogolo pa injini, iye azikuimbirani."

Komboyo idaliranso. Che Bwanausi adayang'ana mapazi awo, adayang'ana njira, kenaka adalumphira kumbuyo kwa mota, nagwira Mastura m'mapewa zolimba.

"Ambuye, nanga mwambo?"

"Mwambowo uli ndi miyendo, ubwera wokha wapansi. Tiye, mwanangu!"